Mayi Kanyumbu ndi Konkire Yakumwa Madzi

Mayi Tiyanjane Kanyumbu ndinawadziwira ku tchalitchi, chaka chimene ndinafika ku Glasgow kudzagwira ntchito ya unamwino. Lamulungu lina titaweruka anandigwira mkono, nati, "Lusubilo, lero ukadya kwathu."

Kwawo kunali ku Govanhill, mu mdadada wakale wa miyala yofiira, pa nsanjika yachiwiri. Tili m'khitchini anandituma kuti nditulutse nkhuku mu filiza. Nditatsegula ndinapeza timakontena ta majarini tosanjikizana mpaka pamwamba. Ndinanyamula kamodzi, dzanja langa n'kutsika nako chifukwa cha kulemera. Nditavundukula, m'kati munali konkire.

"Bwezera pomwe wakapeza, mwana wanga," anatero osatembenuka n'komwe. "Nkhuku ili pansi. Zimenezo ndi sukulu yanga."

Amuna awo, Bambo Japhet, anayankhira pabalaza. "Usadabwe, Lusubilo. Nyumba ino timaziziritsa miyala, chakudya ndiye chimachita kupempha malo."

Nkhani ya konkireyo sindinaimve tsiku limodzi. Zina anandiuza okha, zina amuna awo, zina ndinadzionera ndekha.

Mayi Kanyumbu anabadwira ku Dedza, m'mbali mwa msewu waukulu. Amayi awo ankaswa miyala ndi hamala n'kumagulitsa kwa omanga nyumba, ndipo ntchito ya mwanayo inali yosankhula: ikuluikulu mulu wake, yapakatikati wake, fumbi palokha. Akuti anali mwana wotopetsa ndi mafunso. Ankafunsa chifukwa chake mwala wina umang'ambika bwino pamene wina umangonyenyeka, chifukwa chake udzu wa kudambo umayera m'mawa wa mu Juni pamene wa kumtunda uli bwinobwino. Amayi awo akatopa ankangoti, "Kafunse mwalawo." Sukulu analekezera Fomu 2. Anagwirapo ntchito yothandiza odwala pa chipatala china cha mishoni, komwe anakumana ndi a Japhet. A Japhet atapeza mwayi wa maphunziro ku Scotland, iwo anawatsatira. Mapeto ake a Japhet anakhala dalaivala wa basi, mayiwo n'kumasamalira okalamba pa nyumba ina yosungirako nkhalamba, ndipo zaka zinapita.

Kuseri kwa mdadada wawo kuli bwalo la onse, kumene kumakhala mabini ndi zingwe zoyanikapo zovala. Kale kanjira kopita kumabini kanali ka simenti wakale wokhala ndi zigwembe. Mvula ikagwa, ndipo kuno sichedwa kugwa, madzi ankadikha pamenepo. Nyengo yozizira ikafika, madziwo ankaundana n'kusanduka galasi.

M'mawa wina mu Januwale, Mayi Kanyumbu anatsika ndi thumba la zinyalala. Atangoponda panja, miyendo inapita m'mwamba. Anagwera dzanja lamanzere, n'kumva kuti thyo.

Amene anayamba kutuluka anali a Chrissie, gogo wa Chisikotishi wokhala m'chipinda chapansi. Anatuluka ndi bulangete ndi pilo, n'kukhala nawo pansi pozizira pomwepo mpaka ambulansi inafika. Mayi Kanyumbu amakumbukira kuti gogoyo ankanjenjemera kuposa iwo, ndipo ankangobwereza mawu amodzimodzi: "Pomwe pano. Pomwe panonso." Pambuyo pake anamva kuti amuna a gogoyo, a Edwin, anagwa pakhomo lomwelo zaka zapitazo, anathyoka chiuno, ndipo kuchipatala sanabwerekonso.

Ngoziyo inachititsa kuti bungwe loyang'anira nyumbazo litumize anthu odzakonza kanjirako. Anabwera kutayamba kufunda, mayiwo akadali pa tchuthi ndi dzanja lawo. Posowa chochita, ankakhala pawindo n'kumaonerera. Anaona anthuwo akukumba mozama, n'kuthira miyala yokhayokha pansi. Kenako anabweretsa konkire, ndipo mayiwo anaimirira pampando. Konkireyo inali ya miyala yokutidwa ndi simenti, ngati mtedza wokazinga ndi shuga. Mchenga munalibe.

Anatsika masitepe atavala patapata. Panali mnyamata wamkulu ndithu wandevu zofiira, atavala chipewa cholimba. Anali injiniya, dzina lake Gareth.

"Pepani bambo, mwaiwala mchenga," anatero mayiwo.

Gareth anaseka. "Sitinaiwale, mayi. Tausiya dala."

"Konkire yopanda mchenga? Ine ndakulira m'miyala. Mchenga ndi umene umatseka mipata."

"Eya, ndiye ife tikufuna mipatayo ikhale yosatseka."

Anawatengera kumapeto kwa kanjira, kumene anali atathira kale kachigawo koyesera masiku apitawo, mayiwo osaona, ndipo kunali kutauma. Anatunga madzi mu ndowa n'kuwakhuthula onse nthawi imodzi. Mayi Kanyumbu anabwerera m'mbuyo kuti asanyowe mapazi, koma madzi sanawafike. Anangolowa pansi, n'kusiya banga lakuda.

"Apita kuti?"

"Adutsa m'timipata ta konkire, afika pa miyala ija tinayala pansi, kenako alowa m'dothi pang'onopang'ono."

"Thiraninso."

Gareth anathiranso. Mayiwo anagwada, n'kuika khutu pafupi. Akuti kunkamveka ngati munthu akumwa thobwa mothamanga.

"Nanga kukazizira?" anafunsa ali chigwadire. "Madzi akaundana m'kati mwakemo, siphulika ngati botolo la Fanta loiwalika mu filiza?"

Gareth anavula chipewa n'kukanda mutu. Anati funso limenelo ndi limene limasowetsa tulo anthu a ntchito yawo. Madzi akaundana amatupa, ndipo akasowa kopita amakankha chilichonse chimene chawatsekera. Koma ngati madzi adutsa kale chisanu chisanafike, m'timipatamo mumakhala mpweya wokha, ndipo palibe chotupa. Anawonjezera kuti vuto la Glasgow si kuzizira koopsa ayi. Vuto n'lakuti usiku madzi aundana, masana asungunuka, mvula ithirapo ena, aundananso, choncho nyengo yonse. Asanachoke anawasiyira nambala yake ya foni, kapena pofuna kungowasangalatsa.

Zaka ziwiri zoyamba kanjirako kanachita bwino kwambiri. Zithaphwi zinatha. Alendo akabwera kwa a Kanyumbu, asanamwe tiyi ankayamba atengedwa kuseri kukaonetsedwa konkire yakumwa madzi. Koma nyengo yozizira yachitatu itatha, mayiwo anamva timiyala tikukukutika pansi pa nsapato atangotuluka pakhomo. Atawerama anaona kuti konkire ikuyoyoka. Chodabwitsa chinali chakuti inkayoyoka pafupi ndi khomo pokha. Kumabini kunali kolimba ngati tsiku loyamba.

Anatola timiyalato n'kukatiika patebulo pamaso pa amuna awo.

"Anaba simenti basi," anatero a Japhet. "Kontirakitala ndi kontirakitala, kaya ndi wa ku Lilongwe kaya wa kuno."

"Akanaba simenti, bwenzi kanjira konse kakuyoyoka. Galimoto inali imodzi, ine ndinkaona."

"Ndiye imbirani a bungwe, Nambewe. Si ntchito yanu."

"Kuimba ndiimba. Koma ndikufuna ndidziwe."

Anaimbadi, ndipo anauzidwa kuti munthu adzabwera. Podikira munthuyo, anakagula kathumba ka simenti ndi ka miyala, n'kuyamba kusunga timakontena ta majarini toti aziumbiramo konkire yawoyawo. Zoumba zoyamba zinali zochititsa manyazi. Zina zinanyenyeka m'manja chifukwa madzi anachepa. Zina anachulutsa madzi, simenti yense n'kutsikira pansi, kukhala ngati keke yopsa kumunsi. Atatopa anafufuza nambala ija.

Gareth anawakumbukira. "Mayi a botolo la Fanta!" Atamva zimene akuchita anaseka mpaka kutsokomola, koma anawathandiza. Anati aziumba kampira m'dzanja. Kakagwirana n'kumanyezimira popanda kudontha, ndiye kuti zakwana. Akathira m'kontena aziphimba ndi pulasitiki kuti zisaume msanga, ndipo adikire ndithu asanaziyese.

Zoumba zitalimba, anazigawa. Zina ankazithira madzi n'kuzisiya kuti zikhe asanaziike mu filiza. Zina ankaziika zili m'madzi. Zina m'madzi amchere, chifukwa ankaona magalimoto a khonsolo akuwaza mchere m'misewu ndipo ankafuna kudziwa ngati mcherewo ukuchitapo kanthu. Popita ku shifiti ankaziika mu filiza, pobwera n'kuzitulutsa kuti zisungunuke mu sinki. Apa m'pamene ine ndinalowera m'nkhaniyi, tsiku la nkhuku lija.

Mayiwo m'mtima mwawo sankakhulupirira kwenikweni zimene Gareth ananena. Ankaganiza kuti kuzizira pakokha n'kumene kumaswa, monga mmene moto umaswera mwala, ndipo zoumba zonse zidzasweka limodzi. Kwa nthawi yaitali palibe chinachitika. A Japhet analeka kunyoza n'kuyamba kuwamvera chisoni. Kenako tsiku lina ndili kuntchito foni inalira.

"Lusubilo, zamchere zayamba!"

"Zayamba chiyani, amayi?"

"Kuyoyoka! Ngati pakhomo paja. Ubwere udzaone."

Ndinapita. Pansi pa kontena panali phulusa lotuwa ndi timiyala tothothoka. Patapita masabata ena, zoviikidwa m'madzi wamba nazo zinayamba kung'aluka. Zija ankazisiya kuti zikhe madzi zinakhalabe zolimba, kupatula chimodzi chimene chinasweka pakati popanda chifukwa chooneka. Chimenecho chinawavutitsa maganizo kwambiri. Mpaka lero sadziwa ngati anachiumba molakwika kapena pali china.

Komabe anali atamva zimene ankafuna. Konkire sinkaopa kuzizira, inkaopa kuzizira ili ndi madzi m'mimba. Funso linatsala linali lakuti n'chifukwa chiyani madzi akukhalitsa pakhomo pokha. Anatsika ndi jagi ya madzi. Kumabini madzi analowa nthawi yomweyo. Pakhomo madziwo anangoima n'kumawayang'ana. Atakanda ndi msomali m'timipata, munatuluka matope ofiirira.

Yankho analipeza nyengo yozizira itabweranso. Kuntchito anawasinthira ku shifiti ya m'mamawa, ndipo tsiku loyamba kutuluka nthawi imeneyo, anasuzumira kuseri. Anaona a Chrissie atavala chikhotho pamwamba pa zovala zogonera, atanyamula kandowa. Ankatapa ndi kapu mchere wosakanizika ndi mchenga, uja umakhala m'mabokosi achikasu m'mbali mwa msewu, n'kumawaza pakhomo mosamala ngati akufesa mbewu. Ankalekezera pamene miyendo yawo inkawalola kufika.

"Mwadzuka bwanji, a Chrissie? Mumachita zimenezi tsiku lililonse?"

"Kukangozizira," anatero gogoyo. "Chiyambire tsiku lija munagwa. Palibenso wina adzagwe pakhomo langa ine ndili moyo."

Mayi Kanyumbu anathokoza n'kupita ku ntchito mutu uli wolemera. Lamulungu lotsatira anandikokera pambali titatuluka m'tchalitchi.

"Ndachipeza chimene ndinkafuna, koma bola ndikanapanda kuchipeza," anatero. "Mchenga wa gogo uja ndi umene watseka timipata. Madzi akukhala, mchere ukudya simenti. Akuwononga kanjira pofuna kunditeteza ine. Ndiwauza bwanji?"

Ine ndinati angowauza a bungwe, iwo ndi amene alankhule nawo. Anapukusa mutu. Anati munthu amene anakhala nawe pansi pa ayezi sungamutumizire anthu a ofesi.

Anawaitana a Chrissie kudzamwa tiyi. Anaphika mandasi. Atamwa, anatulutsa zoumba ziwiri n'kuziika mu sinki, china choyera, china chimene anachipaka mchenga wa m'bokosi lachikasu. Anathira madzi pa choyamba, anadutsa. Anathira pa chachiwiri, anaima. Kenako anawaonetsa kontena ya zamchere zija, yodzaza phulusa. Iwo ankaganiza kuti gogoyo achita chidwi ngati mmene iwo anachitira. Anafika mpaka poiwala chimene anawaitanira, n'kumafotokoza mosangalala za madzi otupa.

A Chrissie anaika kapu pansi. Nkhope inali itafiira.

"Ndiye mwandikweza masitepe onsewa kuti mundiuze kuti ndine wowononga?"

"Ayi, agogo, ndimafuna muone..."

"Ndaona. Inu mukudandaula miyala. Ine ndinaika mwamuna m'manda chifukwa cha khomo limenelo. Konkire akhoza kuthira ina. Edwin angamuthire wina?"

Anatsika okha, kukana kugwiridwa mkono. Kuyambira tsiku limenelo, akakumana pamasitepe ankangogwedeza mutu. Kuwaza sanaleke. Mwina anawonjezera.

Mayi Kanyumbu zinawapweteka kwambiri. Zoumba zija anazisiya pakona ya khitchini, osazikhudzanso. A Japhet, amene kale ankadandaula za malo mu filiza, ndi amene anayamba kufunsa kuti, "Kodi sukulu ija yatsekedwa?"

Munthu wa bungwe uja anafika kutayambanso kufunda, ndipo anali Gareth yemwe. Anabwera ndi makina opopera madzi mwamphamvu ndi ena oyamwa zinyalala. Mbali yaikulu ya kanjira inatseguka n'kuyambanso kumwa. Koma pakhomo panali patawonongeka kwambiri, moti anadula n'kuthira pena. Mayi Kanyumbu anaima pambali, ndipo chidwi chija chinabwerera chokha. Anaona kuti ulendo uno muli kamchenga pang'ono ndi timaulusi tooneka ngati ubweya, ndipo anafunsa. Gareth anati kamchenga kochepa ndi timaulusito zimathandiza kuti miyala igwirane kwambiri, komanso muli mankhwala ena amene amapanga tithovu tosaoneka ndi maso m'kati mwa simenti, kuti madzi akatupa apeze pothawira.

"Bwanji simunathire zimenezo poyamba?"

"Mankhwala a tithovu tinathira. Zinazi ndi zimene tikuphunzira. Konkire yamtunduwu kuno sinakhalitse, mayi. Nafenso tikuyesa ngati inu, kungoti filiza yathu ndi yaikulu."

Kenako mayiwo anamuuza za a Chrissie, ndi za tiyi uja. Gareth anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mchenga ndi mcherewo zikuwonongadi," anatero. "Koma gogoyo sakulakwa pa zonse. Konkire iyi imachotsa zithaphwi, koma chisanu chochokera mu mpweya chimagwabe pamwamba pake. M'mawa wina pakhoza kuterera ndithu. Mantha awo ndi oona."

Mayi Kanyumbu anandiuza pambuyo pake kuti miyezi yonse ija ankafufuza chimene chikuswa konkire, koma sanadzifunse chimene gogoyo angagwire akasiya kandowa kake.

"Nanga mutaika chitsulo chogwira?" anafunsa. "Kuyambira pakhomo mpaka kumabini."

Gareth anati akalankhula ndi a bungwe, koma sangalonjeze. Zinatenga nthawi yaitali, ndipo mayiwo anaimba foni mpaka anthu a ku ofesiko anayamba kuwazindikira mawu. Chitsulocho chinaikidwa masamba atayamba kuyoyoka m'mitengo. Tsiku limene ankachimanga, katani ya a Chrissie inali yotsegula pang'ono, koma eni ake sanatuluke.

Chisanu choyamba cha chaka chimenecho chinagwa Loweruka m'mawa. Ine ndinali nditagona kwa a Kanyumbu chifukwa tinali ndi msonkhano wa amayi. Titatsika ndi zinyalala, tinapeza a Chrissie ataima pakhomo, kandowa kali m'manja. Kanjira konse kanali mbuu, koma anali asanawaze.

Mayi Kanyumbu anapereka moni. Gogoyo anagwira chitsulo chija n'kuchigwedeza ndi mphamvu zawo zonse. Sichinasunthe.

"N'chozizira," anatero.

"Ndikulukirani magolovesi."

"Ndili nawo." Anayang'ana kanjirako, kenako n'kuyang'ana mayiwo. "Yambani inuyo. Ndione."

Mayi Kanyumbu anandipatsa thumba limodzi, lina ananyamula okha. Anagwira chitsulo ndi dzanja lamanja n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono. Pakati penipeni phazi linatsetsereka pang'ono, koma anagwiritsa. Anafika kumabini, anataya zinyalala, n'kubwerera momwemo.

"Pali poterera pamodzi, apo pali mthunzi," anatero atafika. "Kwina konse kuli bwino."

A Chrissie anaima kanthawi. Kenako anatapa mchere wodzaza dzanja limodzi, n'kuwaza pa sitepe ya mwala ya pakhomo penipeni, osafika pa konkire. Kandowa anakaika kuseri kwa chitseko.

"Pa sitepe ndi panga," anatero. "Pamenepo musandiuze kanthu."

"Sindikuuzani kanthu, agogo."

"Ketulo yawira. Bwerani ndi mtsikana wanuyo, akuoneka kuti wazizidwa."

Tinalowa.